Mwini Wake wa Mbaula Zonse

"Liyang'anitsitseni dzanja ili," adatero Faniwelo Chikhwaya atakwera pa mgolo pakati pa msika wa Tatsitsani. "Lioneni lero likadali ndi zipsera, chifukwa chaka chamawa mudzaliyesa la mkazi wa nduna. Ine ndi nyundo ukwati watha. Kuyambira lero aliyense wokoleza makala mu ufumu uno wa Nchanga, kaya ndi wootcha chimanga pamsewu, kaya ndi wophikira mfumu, azidziwa kuti akudyetsa Faniwelo. Ndizidya nditakhala pansi, miyendo ili pa mpando wina!"

"Mukatha kulalikira mutsikepo, achimwene," adatero mayi wina wogulitsa usipa, osadzutsa n'komwe mutu. "Mgolowo eni ake amatungiramo madzi."

Faniwelo sadamve. Munthu akagwira pepala la zidindo zitatu makutu amatseka okha, ndipo Faniwelo adali atalikweza m'mwamba pepala lotero, kuti ngakhale a kumzere wa kaunjika alione.

Koma kuti mumvetse chimene chidakweza munthu wamkulu ndi ndevu zake pa mgolo wa eni, tiyambire kunyumba yachifumu.

Mfumu ya dziko la Nchanga, Ndaonakunja Yachiwiri, idali ndi nthenda imodzi: sinkabwerako ku ulendo chimanjamanja. Chaka china idabwera ndi magetsi oimitsa galimoto n'kuwadzika mumzinda wa Sainani, momwe muli msewu umodzi wopanda mphambano. Chaka china idabwera ndi lamulo loti ng'ombe zizivala manambala kutsogolo ndi kumbuyo. Ulendo uno idatsika ndege nkhope ili ngwee, n'kuitanitsa nduna zonse isanavule n'komwe nsapato.

"Kumene ndinapitako," idatero mfumu, "ndaona munthu wonenepa bwino. Alibe munda, alibe ng'ombe, khasu salidziwa. Ndafunsa, kodi ameneyu amadya chiyani? Akuti amadya nzeru. Anaganiza kanthu kamodzi ali mnyamata, n'kukakalembetsa ku boma, basi. Aliyense wofuna kuganiza zomwezo amayamba wamulipira. Pamenepo ndadziwa chimene chikusaukitsa anthu anga. Mumabwerekana nzeru ngati mchere! Wina akatulukira njira yophera mbewa, mawa mudzi wonse ukupha mbewa, ulere. Dziko lingatukuke choncho?"

"Silingatukuke, Mwinidziko!" zidayankha nduna zonse pamodzi, kuphatikizapo ziwiri zimene zidali m'tulo.

Sabata isanathe kudabadwa Lamulo la Umwini wa Nzeru ndi Zizindikiro za Malonda, ndipo Olemekezeka a Kadyamsonkho, amene adaperekeza mfumu ku ulendowo, adakhala Nduna ya Nzeru. Lamulolo lidali losavuta. Mwini nzeru si amene adaitulukira, chifukwa ameneyo kawirikawiri amakhala kuti adafa kale ndipo sangasaine. Mwini nzeru ndi amene wayamba kufika ku Nyumba ya Chidindo ndi fomu. Ofesiyo idatsegulidwa Lolemba, koma abale ake a nduna, pokhala anthu olawira, adafika Lachisanu lapitalo.

Podzafika Lachitatu, kaunjikidwe ka tomato, atatu pansi mmodzi pamwamba, kadali ndi mwini wake. Kaberekedwe ka mwana kumbuyo kadali ndi mwini wake. Mluzu woitanira galu udali ndi mwini wake, moti anthu adayamba kuitana agalu awo ndi mayina enieni, mwaulemu, ngati akuitana apongozi.

Faniwelo adali mmisiri wa zitsulo pa mzere wa amisiri khumi ndi anayi kuseri kwa msika, komwe phokoso la nyundo limayamba tambala asanatsuke kukhosi. Zaka makumi awiri adali akudula migolo yakale, kuipinda pa chidutswa cha njanji, kukhoma, kuboola. Msana udali utayamba kumulankhula. Atamva za ofesi yatsopanoyo adavala jekete la ukwati n'kupita.

"Chidebe," adatero atafika pa windo.

"Chatengedwa," adayankha kalaliki.

"Sefa."

"Watengedwa."

"Koloboyi."

"Achimwene awo a nduna. Bambo, kumbuyo kwanuko kuli anthu."

"Mbaula?"

Kalaliki adatsegula buku, n'kunyowetsa chala, n'kutembenuza, n'kutembenuzanso. Mbaula munalibe. Akuluakulu amaphikira magetsi, ndiye palibe amene adaikumbuka.

"Chachilendo n'chiyani pa mbaula yanuyo?" adafunsa kalaliki. "Fomu ikufuna chachilendo."

Faniwelo adatseka maso n'kuwerenga m'mutu zibowo za pa kachitsulo kokhalapo makala. "Zibowo zisanu ndi ziwiri. Chimodzi pakati, zisanu ndi chimodzi kuzungulira. Ndinazitulukira ndekha, ndili maso."

"Chizindikiro cha malonda?"

Pa kachitseko ka mbaula zake Faniwelo ankakhomapo timadontho ndi msomali, chinthu chimene iye ankachitcha tambala. Adachijambula pa fomu. Chidindo chidagwa katatu, phi, phi, phi, ndipo mawa lake ndi limene tidamupeza pa mgolo lija.

Kunyumba nkhaniyi sidalandiridwe ndi nthungululu. Mkazi wake, Nasibeko, adaliwerenga pepalalo mpaka pansi, n'kulitembenuza kuti aone ngati kuseri kuli zomveka.

"Bambo a Esime, zibowo zimenezi si za malemu bambo anga? Si iwo anakuphunzitsani, inu ndi achimwene anga a Lufeyo, mutabwera kuno mulibe ngakhale lamba wa buluku?"

"Malemu apongozi anali ndi manja," adatero Faniwelo, "koma analibe chidindo."

"Ndiye a Lufeyo azikulipirani kuti aboole zibowo za bambo awo?"

"Lamulo lilibe mlamu, mayi."

"Chabwino. Likadzamva njala lamulolo lidzakuphikireni."

Lufeyo, mlamu wakeyo, adali ndi shedi yake moyandikana ndi ya Faniwelo. Adali munthu wosapsa mtima msanga, wolankhula ngati akutafuna nzimbe. Faniwelo atabwera kudzalengeza kuti mbaula iliyonse yokhomedwa pamzerepo izipereka kachakhumi kwa mwini nzeru, amisiri adaseka mpaka wina adadzimenya chala. Lufeyo yekha sadaseke. Adapempha pepalalo, n'kuliwerenga modekha.

"Zisanu ndi ziwiri, eti alamu?"

"Zisanu ndi ziwiri."

Lufeyo adatenga msomali, n'kuuika pa mbaula imene ankamaliza, n'kumenya kamodzi. "Zisanu ndi zitatu. Perekani moni kunyumba."

Fungo la mkangano limafika kwa maloya msanga kuposa la nyama kwa fisi. Tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke, pakhomo pa Faniwelo padaima galimoto yakuda, ndipo mudatuluka Loya Bwerammawa, munthu wa suti yonyezimira ndi chikwama chonenepa kuposa mwini wake.

"Bwana Chikhwaya," adatero, ndipo aka kadali koyamba chibadwire kuti munthu amutchule Faniwelo bwana, "akuberani masanasana. Mlandu uwu ndi wa sabata ziwiri. Tikamugwetsa mlamu wanuyo, enawo agwa okha ngati mapapaya. Mungoyamba ndi kangachepe kotsegulira fayilo."

Kangachepeko kadali njinga.

Naye Lufeyo adapeza wake, Loya Tionanso. Anthu a ku Tatsitsani adaona kuti maloya awiriwa amabwera ku khoti pa galimoto imodzi, masana amadya pa tebulo limodzi, koma akalowa m'bwalo amayang'anizana ngati atambala a makola osiyana. Tsiku loyamba lenilenilo Bwerammawa adatenga chiletso choti Lufeyo ndi amisiri onse asakhomenso mbaula mpaka mlandu utatha. Tsiku lachiwiri Tionanso adatenga chiletso choti Faniwelo nayenso asakhome. Tsiku lachitatu aliyense adatenga chiletso choletsa chiletso cha mnzake, ndipo woweruza, a Jaji Chedwani, adagamula kuti poti ziletso zachuluka, zonse zigwire ntchito.

Faniwelo adasangalala. "Kundiletsa ine kukhoma kuli ngati kuletsa nsomba kukwera mtengo," adauza anthu pakhomo pa khoti.

Mlandu udayamba ndi zibowo. Bwerammawa adaimirira, n'kukweza mbaula ya Lufeyo kuti onse aione.

"Olemekezeka oweruza, mnzangayu akuti apa pali zibowo zisanu ndi zitatu. Sindikukana. Koma tiyeni tiwerenge limodzi. Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu, zisanu n'chimodzi, zisanu n'ziwiri. Imani pomwepo! Zimenezi ndi za bwana wanga. Munthu akaba mbuzi zisanu ndi ziwiri n'kuziphatikiza ndi yake imodzi, timati waweta?"

M'khoti mudamveka kung'ung'udza kovomereza. Faniwelo adatembenuka n'kuyang'ana mlamu wake ngati wamugwira m'munda.

Tionanso adadzuka mosafulumira. "Olemekezeka, ndifunse. Chibowo n'chiyani? Chibowo ndi malo pamene palibe chitsulo. Bamboyu sakunena kuti tamubera chitsulo. Akunena kuti tamubera kusakhalapo kwa chitsulo. Kodi munthu angakhale mwini wake wa chinthu chimene palibe? Ngati ndi choncho, ine ndikalembetsa njala mawa, dziko lonse lizindilipira."

A Jaji Chedwani adavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kunena kuti funso loti chibowo ndi chinthu kapena si chinthu ndi lalikulu, silingayankhidwe ndi munthu wosadya. Mlandu udaimitsidwa miyezi itatu.

Miyezi itatuyo idadya mbuzi za Faniwelo zonse zinayi, poti loya, ngakhale asakulankhula, amakhala akuganizira mlandu wako, ndipo kuganiza kwa loya kuli ndi mtengo wake. Kwa Lufeyo kudapita ng'ombe. Alamu awiriwa akakumana panjira ankapatsanabe moni, chifukwa maliro sayang'ana za kukhoti.

"Mwaonda alamu," ankatero Lufeyo.

"Ndikuchepetsa thupi kuti chuma chidzapeze malo," ankayankha Faniwelo.

Khoti litakumananso, a Jaji adalengeza kuti nkhani ya chibowo aitumiza ku komiti ya akatswiri, ndipo podikira, bwalo limve za chizindikiro. Pakuti nayenso Lufeyo ankakhoma kambalame pa kachitseko ka mbaula zake, monga ankachitira malemu bambo ake. Bwerammawa adati kambalameko ndi tambala wa Faniwelo. Tionanso adati ndi thadzi, ndipo thadzi silidalembetsedwe ndi munthu.

Adaitanitsa katswiri, mayi Nachisale, amene wagulitsa nkhuku pa Tatsitsani zaka makumi atatu. Mayiwo adalumbira, n'kumanga bwino chitenje, n'kupatsidwa tizitseko tiwiri.

"Mayi, tauzani bwalo. Ameneyu ndi tambala kapena thadzi?"

Mayi Nachisale adayang'ana koyamba, n'kuyang'ana kachiwiri, n'kutitembenuza chadodolido.

"Bwana, anakuuzani ndani kuti zimenezi ndi nkhuku?"

"Yankhani funso, mayi."

"Iyi ya a Chikhwayayi, ikanabwera pa benchi panga, ndikanaikwirira msanga isanapatsire zinzake chitopa. Iyi ya a Lufeyoyi ikuoneka ngati bakha amene wamva uthenga wa maliro."

A Jaji adamenya tebulo kuti anthu asiye kuseka, kenaka adagamula kuti bwalo silingadalire maso a munthu mmodzi. Pa tsiku lililonse la mlandu, wodandaula azibweretsa tambala wamoyo ndipo wodandaulidwa azibweretsa thadzi, zonenepa bwino kuti zizindikiro zizioneka, kuti bwalo lizifananitsa. Nkhukuzo zinkalowa m'chipinda cha a Jaji nthawi ya nkhomaliro. Sizinkatulukanso. Kalaliki wa khoti adafotokoza kuti umboni ukalowa m'manja mwa boma subwerera.

Bwalo lidafananitsa nkhuku miyezi isanu ndi umodzi.

Apa ndi pamene malata a pakhitchini pa Faniwelo adatsika, wailesi idapita, ndi jekete la ukwati lomwe. Tsiku lina Bwerammawa adabwera ndi nkhope ya chisoni, n'kunena kuti mlandu wafika pokoma, pangotsala kukankha kamodzi, koma mafayilo akufuna mafuta. Faniwelo adayang'ana m'nyumba. Mudatsala mphasa, mkazi ndi ana. Adapita ku shedi n'kutenga chidutswa cha njanji chija, lumo lodulira malata, misomali yoboolera ndi nyundo zake zitatu, n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha.

Nasibeko adamupeza akubwerako manja ali m'thumba.

"Mwagulitsa nyundo?"

"Munthu wokwera ndege sasunga ngolo, mayi."

"Bambo a Esime, m'nyumba muno tadya chiyani chosachokera ku nyundo imeneyo? Mukaluza mlanduwu tidzalowera kuti?"

"Nanga ndikapambana mudzavala chiyani? Yambani kuganiza zimenezo."

Adalankhula molimba, koma zonse zimene adali nazo zidali tsopano m'chikwama cha Bwerammawa, ndipo njira yobwerera adali ataigulitsa pa sikelo.

Pamene bwalo linkafananitsa nkhuku, mzinda wa Sainani udayamba kuzindikira kanthu kamene akuluakulu sadakaganizire: mbaula si mwala. Imapsa tsiku ndi tsiku, imachita dzimbiri, ndipo chaka chikatha matako amagwa. Chaka chidatha. Mbaula zidayamba kugwa matako, khomo ndi khomo, ndipo yatsopano kunalibe ngakhale ya mankhwala. Pa mzere wa amisiri padali zii ngati kumanda. Ena adayamba kusoka maambulera, Lufeyo ankagulitsa nzimbe.

Anthu adati tibwerere ku mafuwa. Adapeza kuti mafuwa atatu adalembetsedwa kale ndi azakhali awo a nduna. Ena adayesa mafuwa anayi, koma maloya a azakhaliwo adali atamva mfundo ya Bwerammawa ija, ndipo adati m'mafuwa anayi muli atatu. Otsala adayesa awiri, miphika n'kumagubuduka.

"Chitukuko chafika," adatero wootcha chimanga wina pamsika, akugulitsa chimanga chachiwisi. "Kale ndinkakuotcherani. Pano mumakaotcha m'mimba mwanu, mtengo womwewo."

"Osadandaula," adayankha mayi wa usipa uja. "Akuti kunja anthu olemera amadya zosaphika. Tatsala pang'ono kufanana nawo."

Zikanathera pamsika, bwenzi mlanduwu ukuyendabe mpaka lero, chifukwa kulira kwa pamsika sikukwera chitunda cha kunyumba yachifumu. Koma ku kampu ya asilikali nakonso ankaphikira pa mbaula, zikuluzikulu za theka la mgolo, ndipo nazonso zidagwa matako. Asilikali adadya nyemba zosapsa sabata zitatu. Pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa mfumu, pa perete, pamaso pa akazembe a mayiko akunja, mzere woyamba udaguba bwinobwino mpaka pakati pa bwalo, kenaka udakhota wokha popanda wolamula n'kuthamangira kuseri kwa mpanda. Mzere wachiwiri udatsatira. Woimba lipenga adayesetsa kupirira mpaka pakati pa nyimbo ya fuko.

Madzulo ake mkulu wa asilikali adagwada pamaso pa mfumu.

"Mwinidziko, anyamata anga amakukondani. Koma mimba ya msilikali ilibe ulemu, ndipo mfuti amaigwirira pafupi ndi mimbayo. Ndangoti ndinene."

Mfumu idamva. Mafumu amamva msanga nkhani zikafika pamenepo. Idatumiza mawu kwa a Jaji Chedwani kuti mlandu wa mbaula uthe pofika Lachisanu, apo ayi akafananitsa nkhuku kumudzi kwawo.

Lachisanu m'khoti mudadzaza mpaka m'mawindo. Nduna ya Nzeru idakhala kutsogolo. A Jaji adawerenga chigamulo mothamanga ngati munthu amene basi ikumusiya. Bwalo lapeza kuti chibowo ndi chinthu. Bwalo lapeza kuti m'zibowo zisanu ndi zitatu muli zisanu ndi ziwiri, ndipo m'zibowo zisanu ndi chimodzi mulinso zisanu ndi ziwiri mukawerengera khomo la mbaula. Bwalo lapeza kuti mbalame iliyonse yokhomedwa ndi msomali ndi tambala. Choncho Faniwelo Chikhwaya ndiye mwini wake wa mbaula zonse za mu ufumu wa Nchanga, zazikulu ndi zazing'ono, ndipo palibe dzanja lina lololedwa kukhoma mbaula kupatula lake, kwa zaka makumi awiri.

Faniwelo adalumpha. Adakumbatira Bwerammawa, adakumbatira wapolisi, akadakumbatiranso a Jaji pakadapanda tebulo.

"Alamu!" adakuwa. "Lolemba mubwere ndi anzanu onse. Ndikulolani mubwerere ku ntchito, sindine woipa mtima. Kachakhumi kanga kokha, basi!"

A Jaji adamenya tebulo. "Bambo Chikhwaya, mwati mutani?"

"Ndiwalola azikhoma, olemekezeka, iwo azindilipira."

"Muwalola ndi ndime iti?"

Faniwelo adayang'ana loya wake. Bwerammawa adali akufunafuna kanthu m'chikwama, mutu wonse uli momwemo.

A Jaji adakweza buku la lamulo. "Buku ili ndaliwerenga kuyambira kuchikuto mpaka kuchikuto. Muli kuletsa, muli kulanda, muli kumanga. Kuloleza mulibemo. Mwina a Nduna atithandize."

Olemekezeka a Kadyamsonkho adaimirira n'kukonza tayi. Adafotokoza kuti kunja kuja lamuloli lili m'mabuku awiri. Loyamba ndi la kuletsa, lachiwiri ndi la kupereka chilolezo kwa ena kuti agwiritse ntchito nzeru yako n'kumakulipira. Koma pa bwalo la ndege katundu adalemera kupitirira muyezo, ndipo padafunika kusankha pakati pa buku lachiwirilo ndi nsapato za mayi a kunyumba kwawo. Boma, adatero, likudziwa za vutoli, ndipo lakhazikitsa komiti yoona za ulendo wokatenga bukulo ndalama zikapezeka.

"Ndiye ngakhale nditalola ndekha, ndi pakamwa panga?" adafunsa Faniwelo, mawu atachepa.

"Mukalola," adatero a Jaji, "ndiye kuti mwathandiza wakuba kukuberani. Zaka zisanu kundende, nonse awiri. Bwalo latha."

Panja Bwerammawa adamugwira dzanja mwamphamvu. "Tapambana, bwana. Mukafuna apilo yotsutsa kupambanaku, mukudziwa kumene ndili." Adalowa m'galimoto momwe Tionanso adali atakhala kale, n'kunyamuka.

Loweruka m'mawa Faniwelo adadzidzimuka ndi kulira kwa malole. Atatuluka adapeza malole atatu a asilikali akutsitsa migolo yakale pabwalo pake, mulu kutalika kuposa nyumba. Anthu a ku Tatsitsani adali atatsatira malolewo, ndipo adaima kuzungulira mpanda, ena atanyamula mbaula zawo zakugwa matako. Sajeni wina wamfupi, wa nkhope yosonyeza kuti nyemba zija sadaziiwale, adatambasula pepala n'kuwerenga mokweza.

"Mawu a Mwinidziko Ndaonakunja Yachiwiri. Poti ufumu wathu umalemekeza malamulo, ndipo sitingachite manyazi pamaso pa mayiko akunja pophwanya umwini wa munthu. Poti bwalo lapeza kuti dzanja lololedwa kukhoma mbaula ndi limodzi. Ndipo poti dziko likufuna kudya. Tikulamula kuti mwini nzeru, Faniwelo Chikhwaya, akhome mbaula za dziko lonse. Ayambe ndi makumi anayi za ku kampu, kenaka za kunyumba yachifumu, kenaka za anthu wamba monga mwa mzere. Mtengo ukhala wakale, poti ino ndi nthawi ya mavuto. Aliyense womugwirira chitsulo, womupatsira msomali kapena womuwongolera lata adzamangidwa ngati wakuba nzeru. Boma lamupatsa asilikali awiri omuteteza kuti asathandizidwe."

Sajeni adapinda pepala. "Tiyeni bambo. Anyamata akufuna nyemba zakupsa pofika Lachiwiri."

"Bwana sajeni," adatero Faniwelo, "pali kavuto pang'ono. Zipangizo ndilibe. Nyundo ndinagulitsa."

Sajeni adatembenukira ku gulu. "Alipo ali ndi nyundo? Kubwereketsa nyundo lamulo silikuletsa, ndafunsa."

Gulu lidapatuka, ndipo adatulukira Lufeyo, akukankha wilibala. Mudali chidutswa cha njanji, lumo, misomali ndi nyundo yaikulu ya mpini wakuda ndi thukuta. Adazitsitsa chimodzichimodzi pamapazi pa mlamu wake, n'kupukuta manja. Nasibeko adatulutsa mpando m'nyumba ya aneba n'kuwaikira achimwene ake pamthunzi wa mango. Lufeyo adakhala, n'kutambasula miyendo, n'kusolola nzimbe mu wilibala muja.

Faniwelo adayang'ana mulu wa migolo, adayang'ana mzere wa anthu umene udali utafika kale kumsewu, adayang'ana mfuti za omuteteza. Adawerama n'kutola nyundo. Adagubuduza mgolo woyamba, koma unkangothawa pa njanji, poti ntchito imeneyi imafuna wina wogwirira mbali inayo.

"Alamu," adanong'ona, "tangogwirani kunoku pang'ono. Sawona."

Lufeyo adaluma nzimbe, n'kutafuna, n'kulavula zotsalira mosafulumira.

"Ndikanakonda, alamu, Mulungu akudziwa. Koma ine kuba nzeru za eni ndinasiya. Menyani, tikuonereni."

Sajeni adakhosomola. Nyundo idakwera m'mwamba, n'kutsika: khoo!